Katepi ka ku Sikelo ndi Mkono wa Yankho

Ndati ndilembe ndekha nkhaniyi chifukwa imene ikuyenda kuno ku Domasi yanenepa kuposa mwini wake. Ena akuti ndinakomoka pamsewu, ena akuti ndinathamanga wopanda nsalu mpaka pa Naisi. Abale anga, nsalu ndinali nayo. Kukomoka sindinakomoke (ndinangokhala pansi pang'ono). Koma zoti ndinachititsa manyazi banja lonse tsiku limodzi, kuphatikizapo amayi anga atavala yunifolomu ya kutchalitchi, zimenezo sindikana.

Yankho ndi mwana wanga woyamba, ndipo nthawi imeneyo anali ndi miyezi isanu ndi itatu. Ine ndine munthu wamantha, ndivomereze. Mwana akagona kwambiri ndimamuika chala pamphuno kuti ndimve ngati akupuma, akadzuka msanga ndimadandaula kuti sanagone, akayetsemula kawiri mtima uli kale kuchipatala. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma zimene atiuza ku sikelo ndimazisunga zonse, sinditayapo ngakhale kamodzi.

Sikelo yathu imachitika kamodzi pa mwezi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Amene amatiyang'anira ndi mayi Gondwe, alangizi a zaumoyo, koma ife timangowati adokotala ngakhale iwo amakana mwezi ndi mwezi. Kwawo ndi kumpoto, Chichewa chawo chimakhota pang'ono, ndipo sakonda zongoima n'kumalankhula ife tikuwodzera. Za kolera anatiphunzitsa popaka mwaye m'manja mwa mayi mmodzi n'kutiuza kuti tonse tipatsane moni. Pomaliza aliyense manja ali bii, ena mpaka pamphumi. Kuyambira tsiku limenelo ndimasamba m'manja mpaka sopo amadandaula.

Ndiye mwezi wa Juni anatulukira atamanga mizimbe ndi bango pa njinga yawo. Tinkayesa ayamba geni. Anagawira mayi aliyense katepi kapulasitiki kofewa, kotalika ngati kuchokera pachigongono kufika pachikhato, kokhala ndi mitundu itatu: kobiriwira, kachikasu ndi kofiira. Umakazunguliza pamkono wa mwana, pakati pa phewa ndi chigongono, n'kupisa mchira wake pakabowo, ndiye mtundu umaonekera pakazenera.

"Amayi," anatero mayi Gondwe, "sikelo ndi kamodzi pa mwezi, koma mwana mumagona naye ndinu. Akayamba kuwonda, woyamba kudziwa mukhale inu, osati ine."

Mzimbe wonenepa unali mwana wathanzi, mzimbe wowonda unali mwana woti achenjeredwe naye, bango linali mwana wodwala. Tinayeza mosinthana, wina akamaliza apatsire mnzake. Anabweranso ndi nyimbo, yovinira ndithu, nsalu m'chiuno:

Kubiriwira, mwana akule,
Chikasu, thamangira uphungu,
Kufiira, nyamuka mayi, usadikire mawa!

Amayi a Chiyao anaitembenuzira m'chiyankhulo chawo, agogo ena obwera ndi zidzukulu anaikhotetsera ku Chilomwe, tinaimba mpaka ana amene anabayidwa katemera anasiya kulira n'kumatiyang'ana. Itafika nthawi yanga ndinagwira mzimbe, ndinapisa mchira, ndinakoka kuti thi! Tepi inagwira bwinobwino, mtundu unaoneka poyera. Mayi Gondwe anati, "Taonani mtsikana uyu, wagwira msanga." (Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba ngati mphoto.) Timati tiyambe kuyeza ana enieni, koma chiperoni chinatsika m'phiri ndi kamvula kake kozizira, aliyense anafunditsa mwana n'kubalalika, mzimbe uli kukamwa.

Patapita masiku awiri, Lachinayi, Yankho anakana phala. Dzulo lake anali atakananso. Ankangotuluka dovu, kuluma nsalu yanga, kunyinyirika. Ine ndinali nditayanika mpunga pamkeka pabwalo, bambo ake akupuntha wina kuseri kwa nyumba, amayi anga (timakhala pakhomo pawo) akuvala kuti azipita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Ndinamuyang'ana mwanayo, ndinamuyang'ananso, maso anga anayamba kundiuza kuti masaya aja achepa. Ndinakatenga katepi.

Koyamba kanasonyeza kubiriwira. Munthu wanzeru akanathokoza Mulungu n'kubwerera kukapirikitsa nkhuku. Koma ine ndinaona kuti tepiyo sinagwire ngati mmene inagwirira pa mzimbe paja. Inkaoneka yofooka, ngati yomangidwa ndi munthu waulesi. Tsono ine ndinaleredwa ndi mayi amene akapeza mtolo wa nkhuni womanga mofooka amaumasula pamaso pako kuti uyambirenso. Kwathu kuno chilichonse chomanga chimamangidwa kuti chimve: thumba la mpunga, mtolo wa udzu, mwana kumbuyo. Ndiye ndinati, ayi, tepi iyi ikundinyengerera. Ndinakoka.

Chikasu.

Ndinati mwina ndalakwitsa, ndiyezenso bwinobwino. Ndipo kwa ine bwinobwino ndiye kuti mwamphamvu. Dzanja limodzi linagwira mkono wa mwana, lina linagwira tepi, mchira ndinauluma ndi mano monga timachitira ndi luzi, n'kukoka.

Kufiira. Kufiira kwenikweni, kwa psuu. Yankho anakuwa kulira kumene sindinamumvepo chibadwire, ndipo ine ndinati basi, ndi umboni umenewo, mwana akumva kuwawa m'thupi.

"Bambo a Yankho! Bambo a Yankho, fulumirani!"

Anatulukira mankhusu ali m'mutu, ndodo yopunthira ili m'manja, akuyesa ndaona njoka.

"Mwana wafiira!"

"Wafiira bwanji? Si uyu amandikoka ndevu m'mawa uno?"

"Tepi sinama, bambo a Yankho. Taonani nokha."

Ndinayezanso iwo akuona, mano ndi zonse. Iwo ku sikelo sanapiteko, ndiye anaona kuti kayezedwe kake ndi kameneko. Anawerama, anaona kufiirako, anaponya ndodo pansi. "Mayo ine," anatero chapansipansi, n'kuthamangira njinga.

Amayi anatuluka atavala bulauzi yoyera ndi duku, buku la nyimbo lili m'khwapa. Nditawauza sanafunse zambiri, chifukwa nyimbo ija ndinali nditawaimbira masiku awiri osapuma. Tsono amayi ndi bambo a Yankho ndi apongozi olemekezana kwambiri, salankhulana maso ndi maso. Ngakhale pa tsoka ngati ili, amayi anatembenukira kwa ine, mwamuna wanga ali pomwepo akupopa tayala.

"Iwe, uwauze apongozi apalase ndithu, asamachite ngati akupita kokacheza."

"Auzeni amayi kuti ndamva," anayankha iwo, akuyang'ana tayala.

"Akuti amva," ndinatero ine, ndikulira.

Mpunga tinausiya pamkeka pomwepo. Nkhuku zinatiperekeza ndi maso.

Panjinga paja, Yankho ali kumbuyo kwanga, ndi pamene mantha enieni anandipeza, ndipo pano ndilembe mosaseka. Ndili mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi ndinkalera mwana wa achemwali anga, dzina lake Limbani. Ndinkamubereka kuyambira m'mawa iwo akapita kumunda. Chaka china cha njala mwanayo anayamba kupepuka kumsana kwanga, ndipo ine ndinkasangalala. Ndinkayesa kuti ndine ndikukula mphamvu. Ndinafika podzitama kwa anzanga kuti ndikutha kudumpha naye chingwe. Akuluakulu pozindikira n'kuti mapazi atatupa kale, ndipo kuchipatala anangogonako masiku atatu n'kutisiya. Palibe anandinenapo, ndinali mwana. Koma msana wanga unadziwa zinthuzo anthu onse asanadziwe, ndipo sindinauze munthu. Ndiye panjinga paja ndinkangodzigwedeza kuti ndimve kulemera kwa Yankho, ndikufunsa msana wanga kuti, kodi wapepuka? Wapepuka eti? Msana osayankha.

"Mukugwedezekeranji? Tigwa!" anakuwa bambo a Yankho.

Tisanafike pamsewu wa tala pali kachitunda. Iwo anatsika kuti akankhe njinga, ine ndinaona ngati akuchedwa, ndinayamba kuthamanga wapansi. Ndinathamanga mpaka miyendo inakana, ndi pamene ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, pafupi ndi amayi ogulitsa tomato. Anandizungulira, wina akundikupiza ndi katoni, wina akufunsa kuti maliro ali kuti. Ine mpweya wolankhulira ndinalibe, ndinkangowaonetsa katepi. Tili pomwepo inadutsa minibasi yochokera ku Malosa, ndipo pazenera panatuluka duku loyera ndi dzanja likutikodola. Amayi! Anali atadutsa njira yachidule ya m'minda n'kukwera minibasiyo ife tisanafike.

Choncho pamene tinkalowa pakachipatala kathu, nkhani inali itafika kale. Amayi anali atauza benchi yonse kuti mdzukulu wawo ali pakati pa moyo ndi imfa. Anthu anatipatukira, mayi wina woyembekezera anaimirira kundipatsa malo, agogo ena anali atayamba kale nyimbo ya mapemphero chapansipansi. Mayi Gondwe anatuluka mofulumira, anandimasula mwana kumbuyo okha n'kulowa naye. Ife tonse atatu pambuyo.

Anamukhazika patebulo. Anadina mapazi ake ndi chala n'kuyang'ana ngati patsala dzenje, panalibe. Anamuyang'ana m'maso, anamugwira pamphumi. Yankho, amene analira njira yonse, anaona bolopeni pathumba lawo, anaisolola n'kuiika m'kamwa, n'kuseka. Kuseka ndithu, mwana wopanda chisoni ndi mayi ake. Mayi Gondwe anatenga katepi kanga komwe, anakazunguliza pamkono mofatsa ngati akumuveka chibangili.

Kubiriwira. Kutali ndi chikasu komwe.

Anayeza mkono winawo. Kubiriwira. Anatenga tepi yawo ya m'kabati. Kubiriwira.

"Mayi a Yankho," anatero, "tayezani inu ndione."

Ndinapukuta misozi, ndinagwira mkono, ndinapisa mchira, ndinaluma, ndinakoka. Yankho anataya bolopeni n'kukuwa. Ine n'kuloza pakazenera, mano ali pa tepi, kuti si uku kufiiraku?

Kenako pazenera, pamene anthu a pabenchi anaunjikana kusuzumira, wina anaphulika kuseka, ndipo agogo a nyimbo aja anailekeza pakati pa vesi. Mayi Gondwe anandichotsa tepi kukamwa pang'onopang'ono. Pamkono wa mwana wanga panali mzere wozungulira, ngati pamene padutsa luzi pa mtolo wa udzu. Nditauona mzere umenewo ndinazindikira zonse nthawi imodzi. Ndinalakalaka simenti itang'ambika ndilowemo. Bambo a Yankho anayamba kuwerenga chithunzi cha pakhoma cha za udzudzu ngati chili ndi nkhani yofunika kwambiri.

Mayi Gondwe sanaseke. (Milomo inkanjenjemera, ndinaiona, koma anaigwira.) Anatsegula kukamwa kwa Yankho n'kundionetsa tinthu tiwiri toyera tikusuzumira pa nkhama za m'munsi.

"Wakana phala chifukwa cha alendo awa. Mano, mayi. Mwana wanu ali bwinobwino."

Pamenepo ndiye ndinalira zenizeni, kulira kwa manyazi ndi chimwemwe zitasakanikirana, ndipo sindikudziwa kuti zinatuluka bwanji koma ndinawauza za Limbani, za msana wanga, zonse. Amayi anali asanamvepo zimenezi. Anakhala pa mpando, anandigwira nsonga ya nsalu.

"Mwachita bwino kubwera," anatero mayi Gondwe. "Mundibweretsere mwana wabwinobwino kakhumi, sindidzatopa. Amene amandiliza ine ndi wobwera mochedwa. Ndipo cholakwa apa ndi changa. Ndinakuphunzitsani kuyeza mzimbe. Mzimbe ungaukoke bwanji, subonyeka, sulira. Zoti musakoke ndinanena kamodzi kokha, m'nyimbo sindinaikemo. Tsono zimene sizili m'nyimbo sizifika kunyumba."

Pofuna kundikhazika mtima pansi anamuvula Yankho kakabudula kuti andionetse mapindi a ntchafu zake. Ndi pamene chinatulukira china. M'chiuno mwa mwana, pansi pa thewera, munali mkuzi, kaulusi kakuda kokhala ndi mikanda itatu. Ine ndinkaudziwa, koma tinapangana kuti ndi za m'nyumba, chifukwa kutchalitchi zoterezi amaziyang'ana ndi diso lina. Amayi, mu bulauzi yawo yoyera, buku la nyimbo pamiyendo, anayamba kuyang'ana kudenga.

"Uwu anamanga ndani?" anafunsa mayi Gondwe.

Kenako anatembenukira kwa amayi.

"Agogo?"

"Ndi kaulusi chabe, adokotala," anatero amayi mothamanga. "Mulibe mankhwala, olo mununkhize. Ife kalelo matepi tinalibe. Timaonera pomwepo. Ukayamba kuthina ndiye kuti mwana akukula, timasula timange wina. Ukayamba kutsikira m'matako ndiye kuti zinthu sizili bwino."

"Pomanga mumakoka?"

Amayi anaiwala manyazi, anakwiya. "Kukoka? Mwana ndi thumba la mpunga? Umangogona pakhungu basi, osaluma, osalendewera." Atatero anatembenukira kwa ine. "Iwenso, unaona ine ndikumanga mkuzi ndi mano?"

"Koma amayi, si inu mumati chomanga chimve?"

"Nkhuni! Ndimanena nkhuni!"

Mayi Gondwe anali atatola bolopeni yawo ya dovu ija, akulemba pachikhato. "Agogo, tabwerezani mawu aja. Osaluma, osatani?"

Tinabwerera madzulo dzuwa lisanalowe, wapansi tonse, njinga ikukankhidwa. Pa amayi a tomato paja ndinadutsa nditayang'ana kuphiri. Kunyumba tinapeza nkhuku zathu ndi za aneba zitakhuta mpaka kulephera kuthawa, pamkeka patatsala mpunga wongokwana m'mbale. Bambo a Yankho anauyang'ana nthawi yaitali. Ndinadikira mawu. Iwo anangomutenga mwana, anamupsompsona pamzere paja, n'kunena kuti, "Auzeni amayi kuti mawa tidya nkhuku."

Sikelo ya mwezi wotsatira mayi Gondwe sanabwere ndi mizimbe. Anabwera ndi mkoko wa nthochi zakupsa, zonenepa zija, kuti aliyense ayeze popanda kuibonyola, kenako tiyeze ana enieni iwo akuona mmodzimmodzi. Nyimbo inali itakula ndi mzere umodzi: Igone pakhungu ngati mkuzi, isalume, isalendewere. Wotsogolera mzere umenewo anali amayi anga, amene tsopano amauza aliyense kuti amathandiza a zaumoyo. (Za kutchalitchi anakambirana okhaokha kumeneko, sindinafunse.) Ine anandipempha kaye pambali ngati ndingalole kusonyeza mmene osayezera. Ndinalola. Ndinaluma, ndinakoka, nthochi inaphulika mbali zonse ziwiri, anthu anagwa nako kuseka. Koma kuseka kutatha amayi awiri anakweza manja mwamanyazi, akuti nawonso kunyumba anapeza chikasu, anakhala nacho mumtima mwezi wonse osauza munthu, kuopa kunenedwa kuti sadyetsa ana. Ana awo atayezedwa bwino anali obiriwira onse. Mmodzi anandinong'oneza kuti, "Bola inu munathamanga, ife timangofa nazo."

Mayi Gondwe anandiuza kuti ndiziyeza kamodzi pa sabata, osapitirira. Ndinalonjeza. Bambo a Yankho, podziwa mkazi amene anakwatira, amasunga katepiko m'thumba la jekete lawo la kutchalitchi, amandipatsa Lamulungu tikaweruka, ndikayeza amakalandiranso. Akuganiza kuti anandichiritsa.

Chimene sakudziwa n'chakuti poyamwitsa ndimazunguliza zala ziwiri pamkono wa mwana, chachikulu ndi cholozera, mofatsa, osaluma. M'mawa, masana, madzulo. Sabata yatha zalazo zinalephera kukumana, panatsala kampata koti n'kudutsa njere ya chimanga. Ndinakhala pakhonde ndikumuyang'ana akuyamwa, ndikuseka ndekha, misozi ikugwera pamutu pake.

Kenako ndinayamba kuganiza. Kodi mwana wa miyezi khumi amayenera kunenepa chonchi? Mawa ndikawafunse adokotala.